Wochotsa ufiti salavula

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kuchoka ku Chiringa mpaka kumudzi kwathu kwa Chiwalo kukaonerera anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, akuphunzitsidwa kulavula.

Musaseke, sindikucheza ayi. Mphunzitsi wake analipo, wovala tayi dzuwa lonse lija, ndipo ndowa yolavuliramo inalipo, yatsopano yonyezimira. Ophunzira anakhala mwaulemu pa mabenchi obwereka ku tchalitchi, aliyense tambula ili m'manja.

Nkhani yake ili motere. Bungwe lina lakunja, limene lakhala likuthandiza alimi a mpunga a m'madambo a nyanja ya Chilwa, laitana kagulu ka anthu a kuno ku Phalombe kuti kakacheze ku Portugal, kwawo kwa Apwitikizi. Akuti akaone mmene alimi anzawo amagwirira ntchito limodzi. Ndi zabwino zimenezo, ndani angakane? Koma alimi a kumene akupitako salima mpunga, amalima mphesa. Ndiye gawo lalikulu la ulendowu ndi kuyenda m'nyumba zosungiramo vinyo, kulowa umu kutulukira umo, kulawa vinyo wina wotchuka wa kumeneko amene amamutcha poti. Akuti ndi wotsekemera ngati uchi, koma waukali kuposa vinyo wamba.

Mpunga ndi vinyo zikukumana pati, musandifunse ine. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale chabe.

Amene akutsogolera zokonzekera ndi mkulu wina wa mu ofesi ina pa boma. Dzina lake ndilisunga, tiyeni tingomutcha Bwana Pulogalamu, poti mawu amenewa sachoka pakamwa pake. Iyeyu anakwerapo ndege, ndiye kuno ndi katswiri wa za kunja, ndipo akamalankhula za Ulaya mungaganize kuti mchombo wake anaukwirira komweko.

Kwa miyezi tsopano gululi lili kalikiliki. Ajambulitsa zithunzi za pasipoti, abayitsa jakisoni, atembenuza milu ya kaunjika pa msika kufunafuna majekete a mphepo, poti akuti kumeneko chiperoni chathuchi ndi chibwana. Aphunzitsidwa kagwiridwe ka foloko ndi mpeni. Mayi wina wa m'gulumo wakhala akupita kumjigo atavala nsapato za gogoda kuti mapazi azolowere. Kupereka moni m'Chipwitikizi kokha ndiko sanavutike nako, pakuti malire a Mozambique tili nawo pakhomo, ndipo ambiri a ife makolo athu anachokera komweko.

Phunziro lomaliza linali la kalawidwe ka vinyo.

Zonsezi ndikanangoziseka n'kulemba za milatho yathu yothyoka monga mwa masiku onse. Koma m'gulu limeneli muli alamu anga, a Muhowa, amuna a mlongo wanga Fanesi, amene anadzakwatira m'mudzi mwathu. Iwo ndiwo wapampando wa alimi a mpungawo, ndipo ine ndine nkhoswe ya banja lawo.

Amene munakhalapo nkhoswe ya chidakwa mukudziwa chimene ndikunena. Sindikuwanyoza alamu anga, eni ake amaisimba nkhaniyi poyera akamalangiza achinyamata. A Muhowa ankamwa. Sikuti ankamwa ngati mmene mumamwera inu pa ukwati ayi, ankapapira kachasu mpaka kuiwala njira ya kunyumba. Anagulitsapo mbewu ya mpunga mvula ili pafupi. Anagulitsapo mbuzi ya apongozi awo. Tsiku lina anazula chitseko cha nyumba yawo yomwe n'kuchisenza kupita nacho kwa mayi wotcheza kachasu, ndipo Fanesi ndi ana anatha nyengo yonse yozizira akutseka pakhomo ndi mphasa.

Milandu imene tinakamba pansi pa mtengo wa mango wa kwathu, mtengowo ukanakhala ndi makutu bwenzi atagontha kalekale.

Anasiya mowa chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Mwana wawo woyamba, Esinati, anadwala malungo aakulu, ndipo njinga yoti am'tengere kuchipatala inali itapinyolitsidwa ku mowa. Fanesi anamubereka kumsana, mwana wamkulu kale, miyendo ikulendewera, n'kuyenda naye wapansi. Mwanayo anachira, Mulungu ndi wamkulu. Bambo ake matsire atawathera n'kumva zimene zinachitika, anakhala pa khonde tsiku lonse. Kuyambira pamenepo sanaukhudzenso mowa. Ngakhale thobwa likagonera ankalikana.

Musaganize kuti zinali zophweka. Ine ndinkawaona akuzungulira njira yaitali pochokera kumunda kuti asadutse pa nyumba imene pakutchezedwa kachasu. Pa ukwati ankapereka mphatso yawo n'kuchoka ng'oma zisanatenthe. Anzawo akale anawatcha mayina osiyanasiyana, iwo ankangoseka n'kumapita.

Munthu anasintha tikuona. Anagula chitseko china, kenako malata. Fanesi ananenepa, anayambanso kuimba kwaya. Esinati lero ali ku sekondale. Alimi atafuna wapampando anasankha iwo, ndipo chifukwa chake ankachinena mosabisa: munthu wosamwa sangamwere feteleza wa gulu.

Mwaimva bwino nkhaniyi? Anawasankha chifukwa samwa. Lero mpando womwewo ndi umene ukuwatumiza kukalawa vinyo.

Mwezi watha Fanesi anabwera kwanga ku Chiringa. Sanafune ngakhale mpando, anangokhala pansi pa khonde n'kuyamba.

"Achimwene, kalankhuleni ndi alamu anu. Ndege akwere, ine sindikuletsa, mwayi ndi wawo. Koma zolawalawazo ayi. Munthu uja amene ndimakhala naye nyumba imodzi ndine. Kwa iye kulibe kulawa. Likangodutsa pakhosi dontho limodzi, basi, tabwerera kuja tinachoka."

Alamu ndinawapeza kudambo, matope mpaka m'mawondo. Anatuluka m'madzimo akumwetulira ngati munthu amene yankho ali nalo kale.

"Alamu, musade nkhawa," anatero. "Ine ndinawauza Bwana kuti sindimwa. Iwo akuti kumeneko anthu sameza ayi. Umangoika mkamwa, kuchukucha pang'ono, n'kulavulira m'ndowa. Akuti ndiwo ulemu wa kumeneko."

"Nanga mutangonena kuti zikomo, ine sindilawa, chingachitike n'chiyani?"

"Ndinafunsa zimenezo. Akuti wapampando akakana tambula azungu aona ngati tawanyoza, ndiye makina opunthira mpunga amene bungwe lija linatilonjeza akhoza kupita kwina. Akuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndiye alamu, anthu onsewa adzasowe makina chifukwa cha khosi langa ine?"

Ndinabwerako mtima usali m'malo. N'chifukwa chake nditamva kuti Loweruka kuli kuyeserera, ndinapita ngakhale sanandiitane.

Phunzirolo analiika pakhomo pa wapampando, masana. Bwana Pulogalamu anabwera pa galimoto ndi botolo limodzi la poti limene anaitanitsa ku Milange, tsidya la malire. Analiika pa tebulo pang'onopang'ono ngati akugoneka khanda.

Anayamba kusonyeza ndi tambula yopanda kanthu. Choyamba, akuti, umaikweza m'mwamba kuti uone mtundu wa vinyoyo. Kenako umaizunguza. Kenako umalowetsa mphuno n'kununkhiza, maso uli wotsinzina, n'kunena kuti ukumva fungo la zipatso zakutizakuti, kaya ukulimvadi kaya ayi. Ukatero umamwa pang'ono chabe, kuchukucha, n'kulavula mwaulemu, osati mokhosomola. Amuna anagwedeza mitu, amayi anabisa kuseka m'zitenje.

Atatha anapereka botolo kwa alamu kuti, monga eni khomo, athirire alendo. Anathira m'matambula onse. Fungo linafika mpaka kumapeto kwa benchi kumene ndinakhala ine.

"Tiyeni tonse pamodzi," anatero Bwana. "Kwezani!"

Palibe anakweza. Onse maso anali pa alamu.

Bwana Pulogalamu anakulira m'tauni, ndiye anaiwala chinthu chimene kuno aliyense amachidziwa. Chakumwa cha pakhomo pa munthu, kaya ndi thobwa, kaya ndi otheka, mowa wathu wa Chilomwe uja, mlendo sayamba. Amayamba mwini wake alendo akuona, kuti atsimikize kuti mulibe choipa. Timati kuchotsa ufiti. Masiku ambiri timangochita mwa chizolowezi, tikuseka. Koma gulu ili silinali loseka. Posankha opita panali mkangano woopsa, ena anatsala, ndipo mawu oti "tiona ngati mudzaikwere ndegeyo" anali atanenedwa pa msonkhano anthu onse akumva. Aliyense anabwera pa phunzirolo ndi mantha ake.

Alamu anamvetsa. Anakweza tambula, anaizunguza, ananunkhiza monga anaphunzitsidwira, n'kumwa pang'ono. Kenako anawerama kufuna ndowa.

Ndowayo inali itachoka. A Likhutcha, mkulu wa m'komiti amene ankaufunanso mpando uja, anali ataikoka ndi phazi n'kuilowetsa kunsi kwa benchi yawo.

"Iyayi, a tcheya," anatero. "Kuno si ku Ulaya. Wochotsa ufiti salavula. Mukalavula inu eni khomo, ife tiziti mwaikamo chiyani?"

Ena anaseka, ena anavomereza ndi mitu. Alamu anangoima njo, masaya atafufuma, osatha kuyankha, pakuti munthu sulankhula vinyo ali mkamwa. Maso awo anapita pakhomo la nyumba, pamene Fanesi anaima ndi mbale ya chinangwa chophika choti alendo adye.

Ndinaimirira. "Abale, apatseni ndowa. Munthuyu samwa, nonse mukudziwa. Ngati mukufuna wochotsa ufiti, bweretsani ndimwe ine."

"Wathira ndiye amayamba, aphunzitsi," anatero a Likhutcha. "Inu botolo simunaligwire."

Wina kumbuyo anaponyapo kuti nsanje yandipweteka, poti ine ndege ndimangoiona m'buku la ana a sukulu. Chikhakhali chinabuka.

Ndinatembenukira kwa Bwana Pulogalamu, mwini lonjezo lija loti munthu sadzameza. Anali akusekerera, akupukuta magalasi ake ndi tayi.

"Aa, aphunzitsi, ka sipu kamodzi sikapha munthu. Chikhalidwe chathunso tichilemekeze. A tcheya, tatiyeni, pulogalamu ndi yaitali."

Ndinaona kholingo la alamu likukwera n'kutsika.

Anthu anaomba m'manja. Mayi wa gogoda uja anaimba nthungululu. Fanesi anaika mbale ya chinangwa pansi, pakhomo pomwepo, n'kulowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka alendo anabalalika.

Ndikuuzeni za ndowa ija? Inabwerera pa boma ili youma gwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analavula, ngakhale Bwana mwini wake. Ndani angataye chinthu chokoma chonchija? Botolo litazungulira kachiwiri, alamu sanachite kukakamizidwa ndi munthu.

Ndikudziwa kuti ena a inu mukuti, bwanji sanangolavulira pansi? Amene mukufunsa zimenezo ndiye kuti simunakhalepo kumudzi. Mwini khomo kulavula chakumwa chimene wathirira alendo, pakati pa anthu amene akukayikirana kale, n'chimodzimodzi kuimirira n'kulengeza kuti ine ndine mfiti. Dzina limenelo silichoka, limatsikira mpaka kwa ana. Munthu anaima pamenepo ndi mayina awiri, chidakwa ndi mfiti, ndipo anasankha limene analizolowera kale.

Enanso muti, nanga tambula yachiwiri anamugwira pakamwa ndani? Palibe. Imeneyo ndi yake, ndipo ndinamuuza pamaso. Koma Fanesi anali atanena kale kuti kwa munthu uyu kulibe kulawa. Yachiwiri inali m'kati mwa yoyamba, ndipo yoyambayo sanaifune.

Tsono ndakhala ndikudzifunsa kuti ndikwiyire ndani, pakuti ndakwiya, sindikubisa.

Mwambowo? Ayi. Mwambo wochotsa ufiti ulibe mlandu. Tanthauzo lake ndi lakuti mwini khomo akuuza alendo kuti ngati muli imfa m'chipandamu, iyambe ndi ine. Makolo anaukhazikitsa kuti munthu asafe ndi chakumwa. Koma Loweruka lija chiphe chinalimo ndithu m'botolo muja, chiphe cha munthu mmodzi yekha, ndipo aliyense pa mabenchi aja ankadziwa kuti munthuyo ndani. Ena mwa iwo ndi omwe ankamutola m'ngalande kale. Anadziwa, n'kuomba m'manja.

Vuto lathu ndi lakuti "ayi" wa mnzathu amatiwawa. Pitani pa chinkhoswe, pa ukwati, pa sadaka, muone zimene zimam'chitikira munthu amene wanena kuti ine ndinasiya. "Kamodzi kokha, achimwene." "Mwayamba liti ubusa?" "Kapena akazi anu anakudyetsani khuzumule?" Sitipuma mpaka atagwira chipanda, ndipo akachigwira timakuwa ngati timu yathu yagoletsa. Bwanji? Chifukwa munthu amene wasiya amatikumbutsa kuti kusiya n'kotheka, ndipo ife sitifuna kukumbutsidwa zimenezo. Akagwa mitima yathu imakhala pansi.

Ndipo mawa lake ndife tomwe timayamba kuloza zala kuti taonani, chidakwa chija chayambiranso.

Pamwamba pa zimenezo pali matenda a ndege. Chibwerere matipate, dziko lino ladzaza ndi maulendo okaphunzira. Uyu wapita kukaphunzira kakumbidwe ka zimbudzi ku Ulaya, uyo wapita kukaona mmene anzathu amavotera, onse abwerako ndi wotchi yatsopano ndi chimfine. Sindikuti kuyenda n'koipa. Koma tafika poti munthu akangomva kuti tikiti, nzeru zonse zimathawira kumapazi. Palibe amafunsa kuti kodi tikukatani kumeneko, nanga kunyumba tisiya zinthu zili bwanji. Paja walira mvula walira matope, koma pa maulendo amenewa mvula imagwera amene akwera ndege, matope amatsalira akazi awo. Fanesi palibe anamuitana pa msonkhano uliwonse wokonzekera. Ntchito yake inali kuphika chinangwa.

Tinavota kuti tikhale ndi ufulu wokana. Tinakana chipani chimodzi, tinakana khadi ya chipani yokakamiza. Lero bambo wamkulu, wa mwana ku sekondale, sangathe kukana tambula pakhomo pake pomwe?

Ndipo ndani ananena kuti Apwitikiziwo adzakwiya? Loweruka lomwe lija, anthu akubalalika, ndinamufunsa Bwana Pulogalamu ngati anawauzako oitanawo kuti m'gulumu muli munthu amene samwa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Sanawauze, sanayese n'komwe. Kodi ku Portugal kulibe odwala shuga? Kulibe amayi oyembekezera? Kulibe anthu amene anasiya mowa ngati alamu anga? Ine ndikhulupirira kuti alipo, ndipo amapatsidwa madzi popanda kuimbidwa mlandu. Mkwiyo wa mzungu anaupanga yekha Bwana ali mu ofesi mwake, n'kuyamba kuuopa, n'kuopsezera nawo alimi.

Agogo anga aamuna anabwera kuno wapansi kuchokera tsidya lija, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, zikhatho zili zipsera zokhazokha. Sindikunena kuti tisunge chakukhosi. Amene ankamenyawo anafa kalekale, ndipo ana awo akutiitana mwaulemu. Koma zimandiwawa kuti agogo anatha kukana ndi mapazi awo, pamene zidzukulu zawo zakhala pa benchi kuyeserera mmene zikavomerere chilichonse chimene zapatsidwa.

Pakati pa sabata uthenga unandipeza kusukulu kuti alamu sanaoneke pakhomo. Sindinafunse kuti ali kuti. Njira yake ndinkaidziwa kuyambira kale.

Ndinawapeza dzuwa lili paliwombo kudoko la ku Chilwa, m'chisakasa cha mabango mmene asodzi amamwera akagulitsa matemba. Anali atavala jekete la ulendo, lalitali mpaka m'mawondo, thukuta lili kamukamu. M'manja munali tambula ya kachasu, ndipo anali ataikweza kudzuwa, asodzi atawazungulira.

"Choyamba umaona mtundu," ankatero. Kachasu alibe mtundu, koma asodziwo anasuzumira ndithu. "Kenako umazunguza. Kenako mphuno." Atandiona anasekerera. "Alamu! Ndikuyeserera, alamu. Tisakaichititse manyazi Phalombe."

Ndowa panalibe, ndipo palibe anaifunsa.

Ndinawakweza pa kaliyala ya njinga monga ndinkachitira kale, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mawondo anga akalamba. Tinayenda m'kanjira ka m'mphepete mwa minda ya mpunga, minda yomweyo imene iwo anaitsogolera mpaka kudziwika kunja. Tili pakati pa njira ndinamva chipumi chawo chitatsamira pamsana panga, malaya anga akunyowa.

"Alamu," anatero, "ndimafuna kulavula. Munaona inu eti? Ndimafuna kulavula."

"Ndinaona."

"Mukawauze mayi a Esinati kuti munaona."

Mawa lake ndinakwera matola kupita pa boma. Bwana Pulogalamu anandilandira ndi tiyi. Atamva nkhaniyo anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti zimenezo ndi za m'banja, ofesi singalowererepo. Pempho lake linali limodzi, kuti ndionetsetse kuti tsiku lonyamuka a tcheya adzakhale ometa ndevu ndi oyenda mowongoka, chifukwa dzina la pa tikiti silisinthika. Nditafunsa ngati tsopano angawauze oitanawo kuti munthuyu asadzapatsidwe tambula, anati zinthu zonse zakonzedwa kale ndipo kusintha lero kungaoneke ngati ndife anthu osalongosoka.

A Likhutcha nditakumana nawo anati iwo anangokumbutsa mwambo, sanatsegule pakamwa pa munthu. Ndamva kuti ayamba kale kunong'oneza alimi kuti gulu silingatsogoleredwe ndi chidakwa.

Aliyense manja ake ndi oyera. Gululi linyamuka sabata yamawa, ndipo alamu anga apita nawo.

Dzulo ndinapitanso kwa Chiwalo kukapereka uthenga umene ananditumira pa njinga paja. Eni ake anali atagona m'chipinda. Fanesi ndinamupeza pa khonde akusita zovala za ulendo ndi simbi ya makala. Ndinakhala pansi n'kumuuza kuti ine ndinaona, mwamuna wake anafunadi kulavula.

"Nanenso ndinaona, achimwene," anatero osakweza mutu. "Ndinali pomwepo. Yachiwiri ija ndinaionera pawindo."

Pambali pake panali sutikesi yaikulu yotsegula, ndipo ndinadabwa ndi kudzaza kwake. Suti inalimo, tayi inalimo, jekete lija atalichapa linalimo. Koma munalinso malaya a kumunda ong'ambika, jombo za kudambo, kawailesi kawo, Baibulo, ndi bulangete lakale limene anabwera nalo m'mudzi muno pamene ankadzakwatira.

"Fanesi, jombo za matopezi akazitani ku Portugal? Ulendo wake ndi waufupi."

"Ndikudziwa."

Anapinda malaya omaliza, anawaika pamwamba, n'kutseka sutikesiyo akuikanikiza ndi bondo.

"Ndawalongedzera zonse kuti akatsika ndege asadzavutike kubwera kuno kudzatenga zotsala. Ndinapirira kamodzi, achimwene, ndikadali ndi mphamvu. Kachiwiri sindingathe. Inu ndinu nkhoswe, kawauzeni akwawo."

Zaka zonse zimene ndakhala nkhoswe ndinkapeza mawu omubwezera mlongo wanga m'nyumba. Dzulo ndinawasowa.

Ndiye ndikufunseni inu amene munaomba m'manja, inu a Likhutcha, inu mayi a nthungululu, inu Bwana Pulogalamu. Mupita naye, mukamuthirira, mukajambulitsa naye zithunzi tambula ili m'mwamba. Nanga pobwera, akadzatsika matola pa Chiwalo ndi sutikesi yakeyo, adzalowera kunyumba kwa ndani wa inu?